Kompyuta ya Wongani ndi Maso Anga Okalambawa

LOLEMBA, m'mawa

Holide yayamba. Ana apita, choko chapuma, ine ndayamba ntchito yoposa silabasi yonse ya masamu: kukwatira.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhale m'malo.

Cholinga: a Nyamsiska, namwino wa pachipatala chaching'ono kuno ku Chilumba. Chaka chakwana ndikuwaperekeza akaweruka. Avomera kuti nditumize thenga kwawo, munthu wokandifunsirira monga amachitira kuno, koma akuti ndiyambe ndagwirizana ndi mlongo wawo.

Chopinga: mlongo wawoyo, Wongani. Amaphunzitsa alendo kuyenda pansi pa nyanja pa loji ina ku Sangilo. Bambo awo anamwalira, ndipo madala otsalawo sayankha kanthu asanamve maganizo ake. Ine ndimati tikhala pamthunzi, ndiyankhule, iye agome. Kuyankhula ndiye khasu langa. Koma munthuyo wakana, akuti aphunzitsi amawadziwa, pamtunda onse ndi angelo. "Pasi pa maji palije kuyowoya, asambizgi. Kumeneko n'kumene ndikakuoneni." Chitumbuka chakecho chikuti pansi pa madzi palibe kuyankhula, aphunzitsi. Ndiye andiphunzitsa sabata ino, ndipo Loweruka tilowa mamita 12 atatufe: iye, ine ndi a Nyamsiska. Ndikachita bwino, thenga anyamuka.

Ine wa ku Dedza! Kwathu madzi akuya kwambiri ndi a mumgolo.

Masana, ku Sangilo

Pali fomu yoti ndidzaze. Ndamuuza Wongani kuti awerenge mokweza yekha, ine ndizimvetsera katchulidwe kake ka Chingerezi. Wandiyang'ana, wawerenga. Funso lina likuti ngati munthu wapitirira zaka 45 ayambe waonana ndi dokotala. Apa mpovuta, chifukwa zaka zanga zilipo mitundu itatu:

1. Za boma, 49. Zinayi anandichotsera amalume pondilembetsa sukulu.
2. Za a Nyamsiska, 44.
3. Za mayi anga ondibereka, 53.

Ndasankha nambala 2.

Katundu: silinda ya mpweya yoberekera kumsana, masiki agalasi, zipsepse za labala, lamba wa zitsulo, jekete lopopamo mpweya kuti uyandame. Kenako wandimanga pamkono chinthu chonga wotchi yonenepa, akuti ndi kompyuta, ndipite nayo kunyumba ndiizolowere. Nambala yapamwamba ndi kuya komwe uli. Yakumanzere ndi mphindi zomwe wakhala m'madzi. Yakumanja ndi mphindi zomwe zatsala usanadziputire matenda. Ukatsika kupitirira malire imalira, ukakwera mothamanga imaliranso. Iye akagogoda pamkono pake, ine ndimuonetse kuyako ndi zala.

Ndamuuza kuti manambala ndi ndiwo zanga za tsiku ndi tsiku.

Madzulo

Zoona zake: pa kompyutayo sindikuonapo nambala ngakhale imodzi. Ndikuona tinyerere takuda tosambira m'phala.

Zakutali ndimaona bwino, phiri, bwato, a Nyamsiska akutulukira pakona. Zapafupi zinatha kalekale. Magalasi ndili nawo, onenepa ngati matako a botolo, ndipo amakhala mu sokosi, m'katoni ya choko, pansi pa bedi. A Nyamsiska sanawaonepo.

Ndikuopa, ndinene poyera poti ndi buku langa. Chimwalirireni mayi a ana anga, m'nyumba muno mumangoyankhula wailesi. Ndikakaulula kuti ndine mdala wa maso akufa, a Nyamsiska adzati amafuna mwamuna, osati wodwala wina woonjezera pamzere.

Dongosolo: kuiphunzira kompyutayi ndili ndi magalasi, kuloweza zonse zomwe imanena, Loweruka kungotulutsa za m'mutu. Ana anga amakhoza mayeso mwanjira imeneyi chaka ndi chaka.

LACHIWIRI, m'mawa

Chitseko chotseka, makatani otseka, magalasi pamphuno. Eee, manambala okongola! Ikuti 0.0. Ndaloweza.

Ndaviika mkono mu ndowa. 0.0.

Ndaviika mumgolo mpaka m'khwapa, malaya anyowa, udzudzu wadabwa. 0.0 yemweyo. Chinthuchi chili ndi matama, sichidzuka ndi madzi a pakhomo.

Masana

Mphunzitsi wa masamu sagonja, amachita kafukufuku. Ndapempha msodzi wina, mdala wosayankhulayankhula, kuti andipalasire bwato kupitirira miyala ija. Ndamanga kompyuta ku chingwe cha mbedza. Nzeru yake ndi iyi: kuitsitsa pansi, kuikoka mwamsangamsanga, n'kuigwira nambala isanathawe.

Zotsatira:

Kuyesa koyamba: yatuluka ikulira ngati mwanapiye wosochera. 0.0.

Kuyesa kwachiwiri: ndakoka ndi manja awiri, bwato latsala pang'ono kugudubuzika. Ikulira kwambiri. 0.0.

Kuyesa kwachitatu: wakoka msodzi, chifukwa iye ndiye katswiri. 0.0.

Kenako mdalayo wafunsa mwaulemu: "Asambizgi, kwinu somba zikurya wotchi?" Ndamuuza kuti nsomba za kwathu sizidya wotchi, iyi ndi sayansi. Wagwedeza mutu ngati munthu amene waona zambiri kwa anthu a boma.

Madzulo

Amayi awiri ogulitsa nsomba afika pakhomo. Amva kuti ndili ndi makina oitanira usipa ndipo akufuna kudziwa ngati ndimabwereketsa. Ndakana. Apita akunena kuti Achewa ndi omana.

Zomwe ndaphunzira lero: kompyuta imanena za pomwe ili, za komwe yachokera imaiwala. Tikufanana.

LACHITATU, m'mawa, ku Sangilo

Siiiwala!

Wongani wangodina mabatani awiri, nkhope yasintha. Chinthucho chimasunga zonse ngati hedimasitala. Akuti dzulo ndalowa m'madzi katatu, mamita 9, mphindi imodziimodzi, ndipo ulendo uliwonse ndatuluka ngati chitsekerero cha botolo la thobwa losasa. Akufunsa kuti ndinali ndi ndani, ndipo mpweya ndinautenga kuti poti silinda inatsala kuno.

Ndagwira njakata. Ndinene kuti ndimawedza ndi kompyuta yake? Ndamuuza kuti ndimayeserera ndekha, mpweya wa m'chifuwa momwemu.

Wayang'ana mimba yanga nthawi yaitali. "Nadi?" Basi, liwu limodzi lomwelo.

Kenako ulaliki wa theka la ola. Munthu wopuma mpweya wa silinda akakwera mothamanga, magazi amachita thovu ngati chakumwa chokhutchumula, ndipo mapapo akhoza kung'ambika. Pokwera timakwera pang'onopang'ono, ndipo pa mamita 5 timaima mphindi zitatu titagwira chingwe cha nangula, kompyuta ikuwerenga chobwerera m'mbuyo. Wandiphunzitsanso zizindikiro. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikapanga bowo, ndiye kuti zonse zili bwino. Chikhatho chikamapendamapendama, ndiye kuti pali vuto, ndipo umaloza pomwe pali vutolo. Chachiwirichi ndachiphunzira mwaulemu chabe, sindidzachigwiritsa ntchito.

Masana, m'madzi osaya

Kupuma pansi pa madzi! Ndikumveka ngati ng'ombe yodwala chifuwa, koma ndikupuma.

Uthenga wabwino: Wongani akuti m'madzi zinthu zimaoneka zazikulu. Mtima wanga wavina.

Uthenga woipa: n'zoona. Tinyerere tija takula, tasanduka mphemvu, koma sitinasanduke manambala.

Geji ya mpweya ndiye mnzanga. Ili ndi muvi ndi chigawo chofiira, ngakhale agogo anga akanaiwerenga. Anapanga kompyutayo ndi mnyamata amene sanaganize kuti adzakula.

Ndatambasula mkono mpaka phewa kulira. Manambala ayamba kubwera, atsala pang'ono, mkono watha. Vuto si maso, vuto ndi mkono waufupi. Ndiye pamene Wongani amakonza chingwe, ndavula kompyuta n'kuimanga pa kakolo. Ndaweramira kumapazi. 2.1! Nambala yoyamba ya moyo wanga wa pansi pa nyanja! Ndafuna kuona yachiwiri, ndawerama kwambiri, silinda yandipitirira pamutu, miyendo yaloza kumwamba. Ndazungulira kawiri ngati tayala. Nyanja ndailawa, ilibe mchere.

Titatuluka wafunsa chifukwa chake. Ndamuuza kuti ife Achewa zinthu zolira timamanga kumiyendo, aone ovina kwathu. Sanaseke. Waibwezera pamkono, wamanga lamba mpaka bowo lomaliza.

Madzulo

Ndapempha kupita ndi masiki kunyumba, ati ndiwazolowere. Ndili ndi nzeru ina, ndipo iyi ndi yeniyeni.

LACHINAYI, m'mawa

Zofunika: mpeni, chingamu, kulimba mtima.

Ndachotsa mandala onse awiri m'mafelemu a magalasi anga. Felemu yathyoka, ilibe ntchito. Ndatafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa, munthu wamkulu ngati ine, n'kumata mandalawo mkati mwa masiki, timibulu tinayi m'makona. Ndavala. Ndayang'ana pamkono. Zonse zili mbee! Ndawerenga ngakhale tizilembo ta kumbuyo kwa paketi ya chingamu, kungosangalala.

Masana

Tsiku lalikulu. Talowa, ndikumuyang'ana Wongani cham'mbali kuti asaone zamkati mwa masiki. Wagogoda pamkono. Kompyuta ikuti 4.0, ndaonetsa zala zinayi. Wawomba m'manja pansi pa madzi! Tatsika pang'ono. Wagogoda. Zala zisanu. Ndayamba kumuonetsa ngakhale asanafunse, mphindi, kuya, zonse, mpaka wandikupiza dzanja kuti zakwana. Mumtima ndayamba kusankha thenga ndi jekete loti adzavale.

Kenako watigwaditsa pamchenga, waloza masiki ake, wawavula, wawavalanso, wapemerera mpweya ndi mphuno mpaka madzi kutuluka. Waloza ine.

Phunziro limeneli sanandiuze dzulo. Kapena anandiuza pamene ndimaganiza za chingamu.

Ndapanga bowo ndi zala, kuti zonse zili bwino, palibe chifukwa chovulira. Walozanso. Ndapanganso bowo. Wapinda manja pachifuwa, wadikira. Munthu ameneyu akhoza kudikira mpaka silinda kutha.

Ndavula.

Povalanso, chingamu chimodzi chili pa nsidze, china sindikudziwa. Patali ndikuona tinthu tiwiri tonyezimira tikutsetsereka pamwala kulowera kozama, ndipo tinsomba tabuluu tikutilondola mwaulemu ngati anthu operekeza maliro.

Wagogoda pamkono. Ndaonetsa zala zisanu, poti n'zomwe zinalipo komaliza. Waonetsa zisanu ndi imodzi. Pamtunda ndati madzi anandilowa m'maso. Iye wati mawa ndipume, tionana Loweruka. Wandichotsa chingamu pa nsidze.

Madzulo

Magalasi ndinali nawo amodzi okhawo. Ndikulemba zilembo zazikulu ngati za pa bolodi, mawu atatu pamzere. Buku litha msanga.

LACHISANU, m'mawa

Foni yalira. Uthenga wa a Nyamsiska, ndazindikira chithunzi chawo cha yunifolomu yoyera. Ndi wautali, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndaimika foni pawindo n'kubwerera m'mbuyo: zilembo zachepa. Ndayandikira: zasungunuka. Pakati palibe malo.

Kupempha aneba andiwerengere? Uthenga wachikondi? Pofika masana msika wonse wa Chilumba udzakhala ukuuimba.

Ndaganiza mwamasamu. Mauthenga awo am'mawa ambiri amakhala vesi. Ndayankha kuti "Amen", zala zimadziwa pomwe pali zilembo zake.

Wabweranso wina, waufupi. Ndayankha kuti "Zoonadi". Sanalembenso. Ayenera kuti atanganidwa ndi odwala.

Masana, ku Boma

Ndakwera minibasi ya ku Karonga kukagula magalasi ena, kutali ndi anthu ondidziwa. Ulendo wonse ndapanikizidwa pakati pa thumba la mpunga ndi mayi wa nkhuku ziwiri. Kondakitala wandifunsa nthawi poona chiwotchi pamkono. Ndayang'ana dzuwa.

Mumsika muli bambo wa ku Tanzania, magalasi ali mbwee patebulo. "Karibu mzee!" Mzee si mdala kodi? Mdala ndani? Ndamukhululukira poti ndi mlendo. Ndayesa oyamba, ayi. Achiwiri, pang'ono. Achitatu, dziko labwerera! Ndikutulutsa foni kuti ndiwerenge uthenga uja, ndipo kuseri kwa tebulo la zitenje ndikuona yunifolomu yoyera.

A Nyamsiska. Abwera ndi galimoto ya chipatala kudzatenga mankhwala. Tsiku lake lomweli!

Magalasi ndaponya patebulo ngati awotcha, ndatola oyandikira. Akuda bii, a dzuwa, okhala ndi mafelemu agolide, a oimba. Andipeza nditavala amenewo. Ndati ndi oteteza maso ku kunyezimira kwa nyanja. Andiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato, moni wawo wozizira ngati wa kuofesi. Afunsa ngati ndilibe chilichonse chowauza. Ndati ndilibe, koma kuti akuoneka bwino. Ati m'galimoto muli malo, tibwerere limodzi.

Ndabwerera ku Chilumba nditakhala pa katoni ya mankhwala, nditavala magalasi a oimba. Wa ku Tanzania uja anandikuwira kuti ndaiwala enieni aja. Ndinachita ngati Chiswahili sindimva, zomwe n'zoona.

Madzulo

Dongosolo latsopano, lomaliza:

1. Makutu. Akatseka n'kutseguka, ndiye kuti ndatsika pafupifupi mamita awiri. Ndiziwerenga.
2. Mphindi ndiziwerenga mumtima.
3. Likasa. Ndalemba tebulo la zonsezi pamkono ndi bolopeni. Ine amene ndang'amba mapepala a ana ambirimbiri chifukwa cha likasa!

Ndamaliza kulemba, ndayang'ana pamkono. Likasalo sindikuliona.

Amati manyazi anapha lambe. Lambeyo ndikumumvetsa, anali ndi zifukwa zake.

LOWERUKA, m'mawa

Nyanja yagona. Boti la injini, Wongani kumbuyo, a Nyamsiska kutsogolo atavala zakuda za labala ngati anabadwa nazo. Sakundiyankhula. Ndikuti mwina ndi mwambo wa anthu olowa m'madzi.

Zotsalazi ndikulemba masana.

Tikutsika ndi chingwe cha nangula. Khutu latseka, latseguka: awiri. Kachiwiri: anayi. Kachitatu lamanzere latseguka, lamanja lakana, kenako latseguka kawiri motsatizana. Awa ndi mamita angati? Ndayambiranso kuwerenga, mphindi za mumtima zasokonekera ndi makutu, ndapeza kuti tili pa mamita 31 ndipo takhala m'madzi mphindi ziwiri. Ngakhale mwana wa Fomu 1 ndikanamulembera kuti aonane nane.

Koma kukongola! Miyala ikuluikulu ngati nyumba, tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikundiyang'ana m'maso opanda mantha. A Nyamsiska akuyandama patsogolo panga osagwedeza ngakhale dzanja. Ndaiwala zowerenga. Ndikungowatsatira, ndipo mumtima ndikuti ngakhale zithere pano, izi ndaziona.

Wongani wagogoda pamkono. Ndayang'ana kompyuta mwaulemu, nthawi yokwanira munthu wowerenga, ndaonetsa zala zisanu ndi zitatu. Wagogodanso. Ndaonjezera chimodzi, mwina amafuna zambiri. Wayang'ana mlongo wake. Mlongo wake wayang'ana nsomba.

Sindikudziwa kuti ndikumira pang'onopang'ono. Iwo ali pamwamba panga, ine ndikuyesa akukwera okha. Pamenepo chinthu chija chalira. Tii, tii, tii.

Tsopano ndikudziwa kuti chimati ndapitirira mamita 12, ndikwere pang'ono basi. Koma ine zaka zonsezi belu likalira ndimatola mabuku n'kutuluka, ngakhale pakati pa chiganizo. Miyendo sinafunse mutu. Ndapalasa kuloza kumwamba. Chalira mofulumira, tii-tii-tii-tii, ndipo kusukulu belu lachiwiri limatanthauza kuti wachedwa. Ndapalasa kwambiri! Ndawadutsa onse awiri ngati minibasi yodzaza.

China chake chandigwira chipsepse. Ndati ng'ona, ndayamba kulapa. Ndi Wongani. Wandikokera pansi, wandigwira lamba, watulutsa mpweya m'jekete langa, maso ake m'masiki ali psuu. Wanditengera ku chingwe ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo takwera pang'onopang'ono, dzanja pambuyo pa dzanja, mpaka waimika chikhatho. Apa ndiye pa mamita 5 paja.

Mphindi zitatu. Atatu pachingwe chimodzi, nkhope kuyang'anizana, thovu lokha likukwera. Pamtunda ndikanafotokoza. Ndikanayamba ndi mbiri ya mabelu, ndikanadzudzula opanga makompyuta, mwina ndikanapambana. Pano m'kamwa muli mpira wopumira.

Wongani wagogoda pamkono. Akufuna mphindi zotsala.

Zala ndili nazo khumi, ndipo yankho lili pakati pa chimodzi ndi zitatu. Ndikhoza kulota. Ndayang'ana a Nyamsiska, ndaona akakamira chingwe ndi manja onse awiri, maso ali pa ine. Ndawaopsa. Ndikanafa pamaso pawo chifukwa cha sokosi ya pansi pa bedi. Manyazi omwe ndamva pamenepo aposa onse omwe ndimathawa.

Ndatambasula chikhatho, ndachipendamitsa uku ndi uku. Ndaloza maso anga. Ndaloza kompyuta.

Kenako a Nyamsiska agwira mkono wanga, autembenuza monga amachitira poyeza odwala, ayang'ana, andionetsa zala ziwiri. Sanausiye. Patapita nthawi, chala chimodzi. Kenako takwera.

Masana, pamchenga

Wongani wayankhula Chitumbuka chothamanga kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuthokoza kuti ndamva theka lokha. Theka lomwe ndamvalo: chingamu anachiona Lachinayi tisanalowe n'komwe m'madzi, nkhani ya kuwedza ndi kompyuta anaimva kwa msodzi Lachitatu, ndipo amadikira kuti aone ngati ndinena ndekha. Akuti iyenso walakwa, samayenera kunditengera kozama akudziwa. Masiki okhala ndi mandala alipo, amaitanitsa, alendo ake achikulire amavala tsiku lililonse. Ndikanangofunsa Lolemba. Safunsa anadya phula, ine ndinachita kutafuna chingamu.

Chigamulo: thenga asanyamuke. Ndikapimitse maso, ndikaonane ndi dokotala, ndidzazenso fomu ndi zaka zenizeni, tidzalowenso holide ikubwerayi. Wafunsa zakazo. Ndati 53, ndikuyang'ana mchenga.

A Nyamsiska sanadabwe. Akuti tsiku lomwe tinadziwana, nditabwera kuchipatala ndi malungo, ndinawapatsa ndekha kabuku kanga ka kuchipatala, ndipo chaka chobadwa chili pachikuto. Kwa adokotala sindinama, ndimaopa kupatsidwa mankhwala a ana.

Atulutsa foni, andiwerengera uthenga wa dzulo. Umati akudziwa kuti pali zomwe ndikubisa, zaka alibe nazo ntchito, koma sangamange banja ndi munthu amene amawaona ngati mwana wonamizidwa, choncho ndiwauze ndekha lisanafike Loweruka. Yankho langa: Amen. Wachiwiri umafunsa ngati ndikuwaseka. Yankho langa: Zoonadi.

"Chaka chathunthu ndadikira, asambizgi," atero. "Mwachita kunenera pansi pa madzi."

Akwera njinga yamoto okha. Sanalole kuti ndiwaperekeze.

LAMULUNGU

Ndadzuka thupi lonse likuwawa, khutu lamanja likadali ndi nyanja mkati. Pamkono patsala mzere wotuwa pomwe panali kompyuta, ndi inki ya likasa yomwe yakana sopo.

Zomwe ndinali nazo Lolemba: magalasi, zaka 44, thenga wongodikira kutumwa. Zomwe ndili nazo lero: magalasi a oimba. Foni sinalire, ndipo ikanalira sindikanadziwa chomwe ikunena. Buku lino ndalitsegula kuti ndione pomwe ndinalakwira, koma zomwe ndinalemba Lolemba mpaka Lachinayi sindingathe kuziwerenga. Mwina ndi chifundo cha Mulungu.

Ndavomera. Ndine mdala. Mawa ndipita ku Boma kukapimitsa maso, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene andione andione. Ngati a Nyamsiska atseka chitseko, ndachitseka ndine.

Masana

Ndapita kutchalitchi chifukwa kukhala m'nyumba kumapweteka kwambiri. Abambo mbali yawo, amayi mbali yawo, kanjira pakati. Ndakhala kumapeto kwa benchi, cha kukanjirako. Nkhani yafika kale, zikuoneka. Mkulu wa mpingo wandipatsa moni mokweza kwambiri, ngati ndafanso makutu, ndipo wina wandisunthira kuti ndikhale pafupi ndi madala.

Alengeza nyimbo. Masiku onse ndimatsegula buku n'kumayendetsa milomo, poti nyimbo za Chitumbuka sindinaziloweze. Lero sindinalitsegule n'komwe. Ndaimirira manja ali m'mbali, pakamwa potseka, mpingo wonse ukuimba.

Vesi loyamba latha. Pa lachiwiri ndikuona chinthu chikutulukira kumanzere kwanga, pakati pa kanjira. Buku la nyimbo, lotsegula, lili m'dzanja lotambasuka kuchokera ku benchi ya amayi. A Nyamsiska akuyang'ana kutsogolo, nkhope ili gwa, akuimba pamtima. Amayi a kumbuyo kwawo asiya kuimba. Madala a kumbuyo kwanga akutsokomola. Mpingo wonse ukuona mphunzitsi wa masamu akugwiriridwa buku ngati mwana wa Sande sukulu.

Osatembenuka, afunsa chapansipansi: "Apa?"

Ndayang'ana. Zilembo zatsala pang'ono kufika.

"Patsogolo pang'ono," ndatero.

Asuntha dzanja. Ndaimba vesi lachitatu lonse, ndi Chitumbuka changa cha ku Dedza.